Ikalira, Tikwere

Bambo anaigula ndi ndalama za thonje
chaka chimene mbalame zinatithera mapira,
Pijo yoyera, yobwera itakalamba kale,
kalaliki wa ku fakitale ya shuga atatopa nayo.
Analowa nayo m'Ngabu dzuwa lili paliwombo,
hutala kuyambira pamsika mpaka pakhomo.
Amayi anatuluka thovu la sopo lili m'manja:
"Bambo a Esinta, chaka chino tidya matayala?"

Sitinadye matayala.
Koma inatiphunzitsa kukankha.
M'mawa uliwonse ife ana kumbuyo, mapazi m'fumbi,
bambo mutu pawindo: "Ikalira, tikwere!"
Ndipo inkalira ikafuna,
itatsokomola kaye katatu ngati munthu wa fodya wa chingambwe.

Mchimwene wanga anabadwira momwemo,
magetsi a ku Nchalo akuonekera patali,
mathiraki a nzimbe akutidutsa osadziwa kanthu.
Amayi anatsamira tayala lapadera.
Kutchalitchi anamulemba Dominiko,
koma funsani Sipeya, aliyense akulozerani.

Chikweza cha Thabwa ndiye chinali mlandu wake.
Zigubu ziwiri za madzi, nsanza, ndi mwala
umene tinkayenda nawo ngati m'bale wathu.
Pakona yachitatu inkabwata,
nthunzi kuti fuu,
ine kutsika msanga kukatsekera tayala.
Tinkakhala pamenepo kudya masawu,
Shire ali pansi apo, phee, ngati lamba wotayidwa,
bambo n'kumati, "Isiyeni ipume,
inu simunakwerepo phiri mutabereka anthu asanu ndi awiri."

Chiwongolero ndinachigwira ndili ndi zaka makumi awiri,
maso a bambo atayamba nkhungu.
Anandiuza zinsinsi zake ngati akundipatsa mwambo:
giya yachiwiri usaikakamize, ipemphe;
chitseko chakumanzere tsegulira kunja;
singano ya mafuta ndi yabodza, khulupirira kamtengo.

Chaka cha madzi, tili ku Bangula kwa azakhali,
inagona masiku anayi m'matope ofika pazogwirira.
Zuze, makaniko wa pansi pa mlambe,
anatulutsa achule awiri m'boneti,
napukusa mutu, nati, "Iyi yafa, mlongo."
Sabata yachitatu inalira.
Mzere wa matope uja ulipobe pachitseko,
sopo wakanika, ndipo ndinasiya kuyesa.

Bokosi la bambo linakwera pamwamba pake,
tinalimanga ndi zingwe zomangira mabelo a thonje.
Kuchoka kuchipatala mpaka kumanda
sinazime, sinatsokomole, sinapemphe madzi.
Ndinakwiya nayo tsiku limenelo.
Bwenzi itazima pang'ono,
tikanakhala nawo ola lina m'mbali mwa msewu.

Lero anyamata a kabaza amandipitirira akuseka,
ana anga amati ndiwatsitsire kutali ndi geti ya sukulu.
Mipando inanyeka ndi dzuwa la Okutobala,
ndinayalapo chitenje,
ndipo fungo la mlamba wowamba
wa ulendo wina wa ku Chiromo silinachokemo.

Dzana kunabwera wogula zitsulo ndi sikelo yake,
kuizungulira, kuigogoda m'nthiti ndi chala,
kutchula mtengo wa mbuzi zitatu.
Ndinati ndiganize kaye.
Usiku ndinakakhalamo ndekha, mawindo otsegula,
udzudzu ukuimba, chitsulo chikadatentha kumsana.
Pansi pa mpando ndinapeza mwala uja,
wasalala mbali imodzi chifukwa cha manja athu.

M'mawa ndinadzutsa Sipeya ndi ana.
"Kumbuyo nonse."
Anakankha akudandaula mpaka pa mjigo.
Inatsokomola kamodzi. Kawiri.
Ndinatulutsa mutu pawindo,
ndipo mawu amene anatuluka sanali anga.